Azikwelwa: Mbiri ya Kobiri Limodzi la ku Alexandra

Dzina la Alexandra si lachilendo m'makomo mwathu muno m'mbali mwa nyanja. Ana athu ambiri amene anapita ku Joni kukasaka maganyu amalitchula pa foni. Ena amagona komweko, ena amangodutsako popita ku ntchito. Ambirife tinalimva koyamba mu Meyi 2008, pamene chipolowe chothamangitsa anthu obwera chinabuka m'dera limeneli n'kufalikira m'madera ena a South Africa. Anthu 62 anataya miyoyo, ndipo abale athu ena anabwerera kumudzi chimanjamanja. Chilonda chimenecho sichinapole bwinobwino. Komabe Alexandra ali ndi mbiri ina yakale, imene ndi ochepa mwa ife anaimvapo. Zaka 51 chipolowe chija chisanachitike, anthu a kumeneko anakana kukwera mabasi kwa miyezi itatu yathunthu, nayenda pansi makilomita pafupifupi 30 tsiku lililonse, chifukwa cha kobiri limodzi.

Tikamva za kobiri limodzi tikhoza kuseka. Ndani angathetse nsapato ndi kutupitsa mapazi chifukwa cha kandalama kotere? Koma pansi pa kobirilo panali funso limene likadali lamoyo m'mizinda yambiri: ngati munthu wosauka wakankhidwira kutali ndi kumene amapezako chakudya, ndani ayenera kulipira mtunda umene uli pakatipo? Tiyeni tiitsate nkhaniyi kuchokera kumene inayambira.

Mudzi wa patali ndi ntchito

Dera la Alexandra linakhazikitsidwa mu 1912, kumpoto chakum'mawa kwa Johannesburg. Malowo anali a mzungu wina, Herbert Papenfus, amene anawatcha dzina la mkazi wake. Poyamba iye ankafuna kugulitsa mapuloti kwa azungu anzake, koma iwo anaona kuti n'kutali ndi mzinda, ndipo sanachite nawo chidwi. Atasowa ogula, anatembenukira kwa anthu akuda. Chaka chotsatira boma linakhazikitsa lamulo la Natives Land Act, loletsa anthu akuda kugula malo kunja kwa zigawo zochepa zimene linawapatulira. Popeza deralo linali litavomerezedwa kale, linapulumuka, ndipo linakhala limodzi mwa malo ochepa kwambiri pafupi ndi Johannesburg kumene munthu wakuda ankatha kukhala ndi puloti yakeyake, yolembedwa m'dzina lake.

Mwayi umenewu unadza ndi mavuto ake. Khonsolo ya mzinda inkati Alexandra ali kunja kwa malire ake, motero sinkaonongerako ndalama. Kunalibe magetsi, n'chifukwa chake anthu ankakutcha Dark City, kutanthauza mzinda wa mdima. Misewu inali ya fumbi m'chilimwe ndi ya matope m'dzinja. Eni mapuloti ankamanga tizipinda kuseri kwa nyumba zawo n'kumachititsa lendi, moti pa puloti imodzi pankakhala mabanja ambirimbiri. Mmodzi mwa anthu amene anachitapo lendi m'tizipinda timeneti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940 anali mnyamata wochokera ku Transkei, Nelson Mandela. Pa nthawiyo iye ankagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ya maloya, ndipo masiku ena ankapita m'tauni wapansi pofuna kusunga ndalama ya basi.

Ntchito zonse zinali m'tauni: m'mafakitale, m'masitolo ndi m'nyumba za azungu. Kuchokera ku Alexandra kukafika pakati pa mzinda unali mtunda wa mamailosi 9, amene ndi makilomita pafupifupi 15. Njanji sinafikeko. Njira inali imodzi yokha, ya basi, kudzera mumsewu wa Louis Botha Avenue. Kuonjezera apo, lamulo la 1930 lotchedwa Motor Carrier Transportation Act linkaletsa munthu aliyense kunyamula anthu molipiritsa popanda chiphaso chochokera ku bungwe la boma. Cholinga chake chachikulu chinali kuteteza sitima za boma ku mpikisano, koma zotsatira zake zinali zakuti eni mabasi ochepa okha ndiwo anagwira msika wonse. Munthu wa ku Alexandra sakanatha kusamukira pafupi ndi ntchito, poti malamulo a tsankho ankamuletsa. Sakanathanso kusankha basi ina yotchipa, poti kunalibe. Ndalama ya basi inali ngati msonkho umene iye ankalipira tsiku ndi tsiku chifukwa cha tsankho limene sanalipemphe.

Izi zinkachitika m'zaka zomwe agogo athu ambiri anali ku Joni. Amene anapita kudzera ku Wenela ankagona m'makomboni a pamigodi, moyandikana ndi ntchito yawo. Koma amene anapita paokha, aja ankatchedwa a selefu, ambiri ankagwira ntchito m'makhitchini, m'minda ya maluwa ndi m'mahotela a mumzindawo, ndipo nkhawa ya chitupa, ya lendi ndi ya ulendo ankaidziwa monga ankaidziwira eni dziko.

Kulemera kwa kobiri

Akuluakulu athu amene anagwirapo ndalama za kale, kwacha isanabwere mu 1971, akukumbukira kuti makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Ku South Africa kawerengedwe kanali komweko. Mtengo wa basi ya ku Alexandra unali makobiri 4 ulendo umodzi. Kukweza ndi kobiri limodzi kunkatanthauza makobiri 2 pa tsiku, popita ndi pobwera. Pa masiku 6 a ntchito imeneyo inali sheleni yathunthu pa sabata, ndipo pa chaka inkapitirira mapaundi 2 ndi theka. Pakhomo pamene bambo, mayi ndi mwana wamkulu onse ankakwera basi, ndalamayo inkachuluka katatu.

Kafukufuku wa bungwe la South African Institute of Race Relations m'zaka zimenezo ankasonyeza mobwerezabwereza kuti ndalama zimene mabanja ambiri a anthu akuda a mu Johannesburg ankapeza zinali zosakwanira ngakhale zofunika zenizeni za moyo. Lendi sungaichepetse, msonkho wa boma sungauzembe, ndipo ku ntchito uyenera kufikako. Chimene chinkatsala kuti chichepetsedwe chinali chakudya. Choncho kobiri la basi linkachotsedwa m'mbale ya ana.

Maphunziro a 1943 ndi 1944

Mu 1940 ndi mu 1942 kunali kale kukokanakokana pa kobiri lomweli, ndipo maulendo onse awiri mtengo unathera pa makobiri 4. Mu Ogasiti 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati ndipo mitengo ya zinthu ikukwera, eni mabasi anaika mtengo pa makobiri 5. Anthu zikwizikwi anauyamba wapansi, mzere wawo n'kudzaza msewu kwa mamailosi angapo. Mandela anayenda nawo, ndipo patapita zaka analemba kuti ulendo umenewo ndi umene unamuchotsa pa kungoonerera n'kumulowetsa m'gulu la ochita. Patatha masiku 9 eni mabasi anagonja, mtengo unabwerera pa makobiri 4, ndipo boma la Jan Smuts linasankha komiti yofufuza za mabasi a anthu akuda.

Komitiyo inapeza zimene anthu ankanena kale, zakuti malipiro awo sangapirire mtengo wokwera. Ngakhale zinali choncho, chakumapeto kwa 1944 boma linalola makobiri 5, n'kunena kuti wantchito aliyense azikaitanitsa kobiri loonjezeralo kwa bwana wake. Anthu anaikana nzeru imeneyi, ndipo zifukwa zawo zinali zomveka. Mayi wochapa zovala za azungu, amene ankanyamula mtolo wa zochapa kupita nawo ku Alexandra ndi kuubweza, analibe bwana mmodzi woti n'kumulipiritsa. Wofunafuna ntchito analibe bwana n'komwe. Mwana wa sukulu ndi wodwala wopita ku chipatala nawonso analibe kokatenga kobirilo. Ngakhale amene anali pa ntchito ankadziwa kuti kukakumbutsa bwana za kobiri sabata iliyonse ndi njira yachidule yochotsedwera ntchito. Kuyambira mu Novembala 1944 anayenda pansi masabata 7, mpaka chaka chatsopano chinawapeza ali pamsewu. Mapeto ake anagwirizana zoti pa masiku a ntchito anthu azigula makuponi pa mtengo wakale wa makobiri 4. Wolemba mabuku Alan Paton anaika chithunzi cha anthu oyenda pansiwa m'buku lake la 1948, Cry, the Beloved Country, ndipo ambiri a kunja anayamba kumva za Alexandra kudzera m'bukulo.

Mu 1945 kunabadwa kampani ya Public Utility Transport Corporation, yodziwika ndi dzina lachidule lakuti PUTCO, imene inatenga mabasi a njira imeneyi. Kwa zaka 12 mtengo wa masiku a ntchito unakhala pa makobiri 4, mothandizidwa ndi ndalama zimene kampaniyo inkalandira kudzera ku boma. Koma m'zaka zomwezo dziko linasintha. Chipani cha National Party chinatenga boma mu 1948 ndi mfundo yake ya apartheid. Mu 1950 kunabwera lamulo la Group Areas Act, logawa malo okhala potsata khungu. Mu Febuluwale 1955 apolisi anayamba kusamutsa anthu a ku Sophiatown, dera limene linali pafupi ndi mzinda, kuwapititsa ku Meadowlands. Boma linkatalikitsa dala mtunda wa pakati pa wantchito ndi ntchito yake, kwinaku likuyembekeza kuti wantchitoyo ndiye azilipira.

Lolemba la pa 7 Januwale 1957

Chakumapeto kwa 1956 PUTCO inalengeza kuti kuyambira pa 7 Januwale 1957 mtengo ukhala makobiri 5. Nthawiyo inkaoneka yokomera kampani ndi boma. Mu Disembala 1956 apolisi anali atamanga atsogoleri 156, kuphatikizapo Albert Luthuli ndi Mandela, pa mlandu woukira boma, ndipo ambiri mwa iwo ankakhalira kubwalo la milandu. Aliyense akanaganiza kuti anthu asowa wowatsogolera.

Koma anthu a ku Alexandra anasonkhana pabwalo, nagwirizana chimodzi. M'mamawa wa Lolemba limenelo mabasi anafika pa siteji monga mwa masiku onse, ndipo anabwerera opanda kanthu. Anthu pafupifupi 15,000 anadutsa pambali pa mabasiwo n'kulunjika m'tauni wapansi. Mawu amene ankafuula anali akuti “Azikwelwa”, mawu a Chizulu amene khutu la Mchewa silivutika kuwamva, poti ndi ofanana ndi akuti “sizikweredwa”. Ena ankaonjezera kuti “Asinamali”, kutanthauza kuti tilibe ndalama. Tsiku lomwelo ndi masiku otsatira anthu a ku Sophiatown, a ku Lady Selborne mumzinda wa Pretoria ndi a madera ena anachita chimodzimodzi. Anthu a ku Moroka ndi ku Jabavu, amene mtengo wawo sunakwere, ananyanyala nawo pongofuna kuima ndi anzawo, ndipo kenaka moto unafika mpaka ku Port Elizabeth ndi ku East London. Pachimake pa kunyanyalaku anthu pakati pa 60,000 ndi 70,000 ankakana kukwera basi.

Tiganizire mmene tsiku la munthu wotere linkakhalira. Ulendo wa mamailosi 9 umatenga maola atatu kapena kuposerapo. Kuti afike pa ntchito nthawi yabwino, ankadzuka tambala woyamba asanalire, n'kuyenda mumdima wa dera lopanda magetsi. Akagwira ntchito tsiku lonse, ankauyambanso wobwerera, n'kukafika kunyumba usiku ana atagona. Januwale ndi Febuluwale ku Johannesburg ndi nyengo ya dzuwa lotentha ndi mvula ya mabingu imene imakonda kugwa chakumadzulo, nthawi yeniyeni yoweruka. Mumzerewo munali nkhalamba, amayi obereka ana kumbuyo, ndi ochapa zovala atasenza mitolo pamutu. Amene anali ndi njinga ankakweza anzawo. Azungu ena achifundo, ambiri a iwo a chipani cha Liberal Party, ankabwera ndi magalimoto awo kudzanyamula okalamba ndi ofooka.

Ntchito yoyendetsa zinthu inali m'manja mwa komiti yotchedwa Alexandra People's Transport Action Committee. M'komitimo munali magulu amene pa nkhani zina sankamwerana madzi: a chipani cha ANC monga Alfred Nzo ndi Thomas Nkobi, a mabungwe a eni mapuloti, ndi ena otsutsana ndi utsogoleri wa ANC monga Josias Madzunya ndi Dan Mokonyane. Chimene chinkawamanga pamodzi chinali lamulo limodzi losalembedwa, lakuti komiti ilibe mphamvu yovomereza kanthu payokha. Chilichonse chimene yamva kwa kampani kapena kwa akuluakulu a mzinda inkayenera kubwera nacho pabwalo, pamaso pa anthu oyenda pansiwo, kuti iwo anene eya kapena ayi.

Yankho la boma

Nduna ya zamtengatenga, Ben Schoeman, inanena poyera kuti nkhaniyi si ya kobiri koma ya ndale, kuti ANC ikuyesa mphamvu zake, ndiponso kuti boma siligonja. Inapempha olemba ntchito kuti asachitire chifundo wantchito wofika mochedwa. Apolisi anatchinga msewu wa Louis Botha Avenue. Ankaimitsa galimoto iliyonse yonyamula anthu akuda, n'kuifufuza kwa nthawi yaitali ndi kulemba maina a oyendetsa. Oyenda pansi ankawafunsa zitupa ndi malisiti a msonkho, ndipo okwera njinga ankawaphwetsera matayala. Anthu zikwizikwi anamangidwa pa timilandu ta chitupa ndi tina totere. PUTCO nayo inaopseza kuti ngati pofika pa 1 Malichi anthu sayamba kukwera, ichotsa mabasi ake onse mpaka kalekale, ndipo boma linakonza lamulo loti kampani ina isaloledwe kulowa m'malo mwake.

Zonsezi sizinaphule kanthu, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Boma linali ndi malamulo oletsa kunyanyala ntchito, oletsa misonkhano ndi oletsa atsogoleri kulankhula, koma linalibe lamulo lokakamiza munthu kukwera basi. Anthuwo ankapitabe ku ntchito. Sanaswe sitolo, sanagwetse boma, ankangoyenda. Chida chawo chinali mapazi, ndipo chida chimenecho wapolisi sakanatha kuchilanda.

Amene anayamba kumva ululu anali eni mafakitale ndi masitolo. Wantchito amene wayenda maola atatu asanagwire chitsulo amatopa msanga, ndipo ntchito imachepa. Bungwe la amalonda la Johannesburg Chamber of Commerce, mothandizana ndi akuluakulu a mzinda ndi anthu ena monga Bishopu Ambrose Reeves, linayamba kufunafuna njira yothetsera mkanganowo, ngakhale boma silinkafuna kuti wina aliyense akambirane ndi onyanyala. Nzeru yawo yoyamba inali yakuti munthu azilipira makobiri 5, ndipo akatsika azikaima pamzere wina kuti abwezeredwe kobiri limodzi kuchokera ku thumba limene amalondawo anasonkha. Pabwalo anthu anaikana. Anati sangaonjezere mzere wina pa mizere imene ankaima kale, ndiponso palibe amene ananena chimene chidzachitike thumbalo likadzatha.

Nzeru yachiwiri inali yakuti anthu azigula kuponi pa makobiri 4, kuponiyo n'kumalandiridwa m'basi ngati makobiri 5, kwa miyezi itatu, pamene njira yokhalitsa ikufunidwa. Apa mpamene komiti inagawanika. Ena anati anthu atopa, chimene ankafuna chapezeka, ndipo ndi bwino kulekeza adakali ogwirizana. Ena anati kuponi ya miyezi itatu ndi nyambo chabe, komanso kuti kuvomera kunali kutaya anzawo a ku Pretoria amene mgwirizanowo sunawakhudze. Panali kunyozana ndi kutchulana maina pamisonkhano. M'mwezi wa Epulo anthu a ku Alexandra anayamba kubwerera m'mabasi, akulipira makobiri 4, pamene a ku Lady Selborne anapitirizabe kuyenda pansi.

Miyezi itatu ija isanathe, mu Juni 1957, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokweza msonkho umene olemba ntchito ankapereka pa wantchito wakuda aliyense, kuti ndalamazo zizithandiza makampani a mabasi. Mtengo wa ku Alexandra unakhazikika pa makobiri 4. Boma lomwe lija linalumbira kuti siligonja linachita chimene anthu ankanena kuyambira 1944: amene amapindula ndi thukuta la wantchito ndiye alipire mbali ya ulendo wake. M'zaka zonse za m'ma 1950 nthawi zimene anthu akuda anapambana boma la tsankho poyera chotere n'zowerengeka. Chaka chomwecho bungwe la antchito la SACTU linatenga mawu aja akuti “Asinamali” n'kuyambitsa kampeni yofuna malipiro a paundi imodzi pa tsiku, poona kuti muzu wa vuto la kobiri unali malipiro ochepa.

Chimene chinawapambanitsa

Masabata ochepa anthu a ku Alexandra asanayambe ulendo wawo, anthu akuda a ku Montgomery m'dziko la America anali atangomaliza kunyanyala mabasi kwa masiku 381. Kumeneko mkangano unali wa mipando, woti wakuda akhale pati m'basi. Ku Alexandra unali wa mtengo. Koma m'malo onse awiri anthu anazindikira chinthu chimodzi, chakuti basi yopanda okwera ndi chitsulo chabe.

Tikaiyang'ana bwino nkhani ya ku Alexandra, tiona kuti pempho lawo linali limodzi, lalifupi, lomveka kwa aliyense: makobiri 4. Nkhalamba yosadziwa kuwerenga inkatha kudziwa yokha ngati pempholo layankhidwa kapena ayi, motero panalibe mtsogoleri amene akanatha kuwanamiza kuti apambana asanapambane. Tionanso kuti ntchito imene aliyense anapemphedwa kuchita inali yoti angaithe, ndipo inkachitika poyera. Woyenda ankaona anzake zikwizikwi akuyenda naye, ndipo wofuna kuzembera ankadziwa kuti basi yopanda anthu ilibe pobisala. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, koma denga limasenzeka pokhapokha aliyense akuona kuti mnzake sanachotse phewa.

Chinanso ndi chikumbumtima cha mudzi. Anthu a 1957 sanayambe chinthu chachilendo. Ambiri mwa iwo anayendapo mu 1943 ndi mu 1944, ankaudziwa msewu, ankadziwa kuti mapazi amatupa sabata yoyamba kenaka amazolowera, ndipo ankakumbukira kuti nzeru ya “kukatenga kobiri kwa wina” inakanidwapo kale. Mudzi umene umasunga mbiri ya zimene unachita suyambira pa chiyambi vuto likabweranso.

Tisabisenso mbali yowawa. Anthu anavutika, ena anamangidwa, ndipo komiti inatha ndi magawano amene sanapole msanga. Koposa zonse, kobiri linabwezedwa koma mtunda sunafupike. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 boma linayamba kusamutsa anthu zikwizikwi a ku Alexandra kuwapititsa ku Meadowlands, ku Diepkloof ndi ku Tembisa, ndipo m'zaka za m'ma 1960 linakonza zogwetsa nyumba zonse za mabanja kuti pamalopo pakhale mahositelo a antchito okhaokha. Zinatengera kulimbana kwina kwa zaka zambiri, kotsogoleredwa ndi M'busa Sam Buti, kuti mu 1979 boma lisinthe maganizo ndi kulola kuti deralo likhalebe mudzi wa mabanja. Anthu amene anamenyera mtengo wa basi anayenera kumenyeranso ufulu wokhala pamalo pomwepo.

Mapazi akuyendabe

Alfred Nzo, mmodzi wa atsogoleri a 1957, anadzakhala nduna yoona za maubale ndi maiko akunja m'boma la Mandela mu 1994. Koma mapu amene tsankho linajambula sanafufutike ndi chisankho. Lero Alexandra wayang'anizana ndi Sandton, dera la mabanki ndi nyumba zosanjikizana limene lili m'gulu la malo olemera kwambiri mu Africa, ndipo pakati pawo padutsa msewu waukulu wa M1. Anthu zikwizikwi amawoloka pamenepo wapansi tsiku lililonse kupita ku ntchito. Kwa zaka zambiri ankayenda mopanikizana ndi magalimoto, m'misewu imene omanga ake sanaganizire munthu wa miyendo iwiri. Pamene mzinda unayamba kumanga mlatho wa oyenda pansi ndi a njinga pafupi ndi Grayston Drive, zitsulo zochirikiza ntchitoyo zinagwera pamsewu mu Okutobala 2015 n'kupha anthu awiri, ndipo mlathowo unamalizidwa pambuyo pake. Mabasi a mzinda otchedwa Rea Vaya, oyenda m'njira yawoyawo, anayamba mu 2009 pakati pa Soweto ndi m'tauni. Sitima ya Gautrain, imene inayamba mu 2010, ili ndi siteshoni ku Marlboro, m'mphepete mwa Alexandra, koma mtengo wake ndi wosafikirika kwa ambiri okhala moyandikana nayo. Ochuluka amadalirabe maminibasi ndi mapazi awo.

Ifenso funso la mtunda timalidziwa. Timalidziwa mtengo wa minibasi ukakwera pamodzi ndi mafuta koma osatsika mafuta akatsika. Timalidziwa pamene msewu wa phula wadutsa pakati pa msika, malole akuthamanga, ana athu akuwoloka kupita ku sukulu popanda chizindikiro kapena chitunda chochepetsa liwiro. Nthawi zambiri timadandaula pa maliro, tikabalalika nkhani n'kuthera pomwepo. Anthu a ku Alexandra anali osauka ngati ife, ndipo analibe ngakhale voti imene ife tili nayo, kapena khansala ndi phungu woti n'kumufunsa. Chimene anali nacho chinali pempho limodzi lomveka, bwalo limene aliyense ankalankhulapo, atsogoleri okakamizidwa kubwerera kwa anthu asanavomere kanthu, ndi kupirira kwa miyezi itatu. Mudzi uliwonse umene ukufuna chitunda pamsewu wa pasukulu, kapena mtengo wachilungamo wa ulendo wa ku chipatala, ukhoza kuyamba ndi zomwezo.